Azakhali Anandisiyira Ziboliboli Zakale: Ndiyambire Pati Pozikongoletsera Pakhomo?

Funso

Azakhali anga anatisiya chaka chatha, ndipo zokongoletsa za m'nyumba mwawo zinagwera ine. Pali chiboliboli cha mtsikana wonyamula mtsuko, chondifika m'chiuno, chooneka ngati cha simenti. Pali agalu awiri achitsulo amene achita dzimbiri, kamwana ka mwala woyera, hatchi yooneka ngati ya mkuwa, ndi katoni yodzaza tiziboliboli tating'ono toposa 30. Maganizo anga ndi oti zonse ndizitsuke ndi bulitchi, za panja ndizipake penti yoyera kuti zifanane, hatchiyo ndiiimike pakati pa maluwa. Kodi ndiyambire pati, nanga ndiziike bwanji kuti pakhomo pasaoneke ngati sitolo?

Yankho

Pepani mayi ndi imfa ya azakhali anu. Munthu amene anasunga tinthu tosachedwa kusweka toposa 30 mpaka kutisiya tamphumphu anali wosamala kwambiri, ndipo mwachita bwino kufunsa musanayambe ntchito. Pempho langa loyamba ndi lakuti botolo la bulitchi ndi chitini cha penti muzibweze kaye kumene mwazitenga. Pa zaka zimene ndakhala ndikukonza ziboliboli, zowonongeka ndi mvula ndaziona zambiri, koma zimene zimandiwawa mumtima ndi zimene mwiniwake anaziwononga tsiku limodzi ali ndi cholinga chabwino. Mvula imatenga zaka makumi angapo kuti idye mphuno ya chiboliboli, pomwe bulashi ya waya imaimaliza dzuwa lisanafike pamutu.

Mwafunsa za malo oyika zinthuzi, koma yankho lake lili m'zinthu zomwezo. Chimene chiboliboli chinapangidwa nacho ndicho chimanena ngati kwawo ndi pamvula, pakhonde, kapena m'kabati ya galasi. Diso lanu lisankhe pambuyo pake. Choncho sabata yoyamba ingokhalani nazo. Yalani thaulo patebulo, pezani maginito, tochi ndi bulashi yofewa yopentera, kenako chilichonse muchitembenuze muone kunsi kwake. Kunsi ndi kumene wopanga sankakongoletsa, ndipo n'kumene chinthu chimanena zoona.

Tiyambe ndi hatchi, chifukwa ndi imene ili pangozi kwambiri pa maganizo anu aja. Zinthu zambiri zimene anthu amazitcha za mkuwa si za mkuwa ayi. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa 1900, mafakitale a ku Ulaya ankaumba ziboliboli zambirimbiri ndi chitsulo chotsika mtengo chochokera ku zinki, chimene ogulitsa zakale amachitcha spelter, n'kuzipaka utoto wofiirira pamwamba kuti zioneke ngati mkuwa. Mahatchi ndiwo ankapangidwa kwambiri. Ngati yanuyo yaima ndi miyendo yakumbuyo, pambali pali munthu wogwira chingwe chake, mwina ndi yotengera mahatchi a ku Marly amene Guillaume Coustou anamaliza kusema pa mwala mu 1745, omwe lero ali m'nyumba yosungira zakale ya Louvre mu Paris ku France. Otengera ake ang'onoang'ono anadzaza m'nyumba za anthu, nthawi zambiri awiriawiri, ina kumanja kwa wotchi, ina kumanzere. Kuti mudziwe, kandani pang'ono pokha ndi nsonga ya mpeni kunsi, pamalo posaoneka. Pakawala chikasu ngati golide, ndi mkuwa. Pakawala motuwa ngati siliva, ndi spelter. Mkuwa umalemeranso kwambiri m'manja, ndipo mukaugogoda ndi chikhadabo umalira ngati kabelu, pomwe spelter imangoti phu.

Ikapezeka kuti ndi ya spelter, panja musaiike. Chitsulo chimenechi n'chophweka kuthyoka, miyendo ya hatchi ndi yopyapyala, ndipo utoto wake ndi wapamwamba chabe. Mvula ikaulowa umatuluka matuza oyera, umakanganuka, ndipo kuwotcherera mwendo wothyoka wa zinki ndi ntchito imene amisiri ambiri amaikana. Ikapezeka kuti ndi ya mkuwa weniweni, mvula ikhoza kuipirira, komabe chinthu chonyamulika ndi dzanja limodzi sindingachisiye pabwalo usiku. Chimene ndikukupemphani koposa n'chakuti musaipukute ndi mankhwala owalitsira zitsulo. Kuda kofiirira kuja, kapena kubiriwira kosalala, si litsiro. Ndi khungu limene mkuwa wadzipangira, kwina wopanga anachita kuliyika dala, ndipo ndi limene limauteteza komanso kuupatsa mtengo. Mukalichotsa silibwerera mmene linalili. Chofunika ndi kuchotsa fumbi ndi bulashi youma, kupaka phula lochepa kwambiri lopanda mtundu, kenako kupukuta ndi nsalu yofewa. Phula limene osamala zakale amakonda ndi la mtundu wa microcrystalline, monga Renaissance Wax, limene linapangidwa koyamba m'chipinda chofufuzira cha British Museum m'zaka za m'ma 1950. Kubiriwira kumodzi kokha ndiko koopsa: timadontho tobiriwira motuwa, taufa, timene mukatipukuta timabweranso pakapita masabata. Pamenepo mchere walowa mumkuwa ndipo ukuudya. Chotero chiikeni pouma ndipo mufune wodziwa ntchito.

Mtsikana wa mtsuko uja ndiye wa panja weniweni, koma naye ali ndi chinsinsi m'thupi. Ziboliboli zambiri za simenti zinathiridwa m'chikombole, ndipo mukayang'ana m'mbali mudzaona kamsoko pamene mbali ziwiri za chikombolecho zinakumana. M'kati mwake, makamaka m'khosi, m'manja ndi m'akakolo, opanga ankaikamo waya kapena ndodo zachitsulo kuti chisathyoke. Madzi akapeza njira n'kufika pachitsulocho, dzimbiri limayamba, ndipo dzimbiri limatenga malo ochuluka kangapo kuposa chitsulo chimene lachokerako. Limatupa, n'kukankha simenti kuchokera m'kati. Ndinalandirapo chiboliboli chofanana ndi chanucho chimene mwiniwake ankachipenta chaka chilichonse. Pamwamba chinkaoneka chosalala bwino, koma padzanja logwira mtsuko panali kamzere kofiirira, kowonda ngati ulusi. Nditangokhudza ndi chala, penti inatumphuka ngati khungu la chilonda, ndipo kunsi kwake simenti inali yonyowa, yonyenyeka ngati mchenga, waya ali pamtunda. Dzanjalo linali litangogwiridwa ndi penti yokha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

N'chifukwa chake penti yoyera ija ndikuikana. Simenti ndi mwala zimamwa madzi, komanso zimawatulutsa dzuwa likawala. Penti yamafuta kapena yonyezimira imatseka njira yotulukira, koma madzi amalowabe kuchokera pansi ndi m'ming'alu. Akalowa amakhala momwemo. M'madera amene kumazizira mpaka madzi kuundana, vuto limakula, poti madzi akaundana amafufuma ndi magawo 9 pa 100 alionse, ndipo amang'amba chilichonse chimene ali m'kati mwake. Kumene kulibe chisanu chotero, mchere wochokera m'nthaka ndiwo umagwira ntchito yomweyo pang'onopang'ono. Bulitchi nayenso amasiya mchere m'timabowo ta simenti, ndipo akafika pa waya uja amafulumizitsa dzimbiri. Lero chiboliboli chiyera mbuu, koma mwachifupikitsira moyo. Makina opopera madzi mwamphamvu ndi oipa chimodzimodzi, chifukwa amachotsa khungu losalala la pamwamba n'kusiya timiyala poyera, nkhope n'kukhala yokakala.

Kutsuka kwake n'kosavuta: madzi oyera, bulashi ya tsitsi lofewa, ndi kuleza mtima. Yambani mwachinyowetsa chonse, tsukani, muzimutsuka bwino, ndipo musankhe tsiku la dzuwa kuti chiume msanga. Ndere zobiriwira zoterera ndi udzu umene wamera m'ming'alu muchotse, chifukwa mizu imakulitsa mng'alu. Koma mawanga otuwa ndi achikasu aja, ouma, omatirira pamwala ngati ndalama zachitsulo, asiyeni. Amakula pang'ono kwambiri pachaka, ndipo ndi amene amachititsa chiboliboli kuoneka kuti chakhalitsa. Ogulitsa ena achinyengo amafika popaka yogati pa ziboliboli zatsopano kuti ndere zimere msanga, chinthucho chioneke chakale. Chimene iwo akuchivutikira, inu muli nacho kale.

Mukamatsuka, yang'ananinso patsinde ngati pali dzina lodindidwa. Si chilichonse chooneka ngati simenti chimene chili simenti. Mu 1769 mayi wina wa bizinesi, Eleanor Coade, anayamba kupanga ku Lambeth mu London mwala wochita kuumba ndi dongo losakaniza, wootchedwa m'ng'anjo kwa masiku angapo. Unali wolimba moti mkango wake wa mu 1837 udakaimabe kumapeto kwa Westminster Bridge, ubweya wa m'khosi ukuonekabe bwinobwino. Zoterezi n'zosowa, ndipo mwayi woti chanu ndi chimodzi mwa izo ndi wochepa, koma dzina lililonse limene mungapeze mulijambule musanachite china.

Agalu aja ayeseni ndi maginito. Akagwira, ndi chitsulo chothira m'chikombole. M'zaka za m'ma 1800 mafakitale monga Coalbrookdale ku England ndi Val d'Osne ku France, imene inayamba mu 1836, ankagulitsa agalu, mikango, mbawala ndi mitsuko ya maluwa kudzera m'mabuku a zithunzi, ndipo ambiri ankadinda dzina lawo patsinde. Otengera amasiku ano mumawadziwa ndi khungu lokakala, misoko yosakumana bwino, ndi zomangira zatsopano kunsi. Apa pokha ndi pamene penti ikufunika, chifukwa chitsulo chamaliseche pamvula sichikhalitsa. Koma samalani ndi penti yakale imene yatsalapo. Penti zambiri zakale zinali ndi mtovu. Ku United States anailetsa m'nyumba mu 1978, ndipo maiko ena anachedwa kuposa pamenepo. Mukaipala ndi sandipepala ili youma, fumbi lake limalowa m'mapapo, ndipo kwa ana aang'ono ndi amayi oyembekezera ndi poizoni woopsa. Gwirirani ntchito panja, nyowetsani pamene mukupala, valani magolovesi ndi chophimba kumphuno, ndipo zopalidwazo muzitole pa pepala. Chotsani dzimbiri lokanganuka lokha, pakani mankhwala oletsa dzimbiri, penti yoyambira ya zitsulo, kenako penti yomalizira yopyapyala kawiri. Penti yochindikala imakwirira ubweya ndi maso, galu n'kusanduka chibuma. Mtundu ndingasankhe wakuda kapena wobiriwira moderapo, wosanyezimira. Kunsi kuli timabowo totulutsa madzi, musatitseke.

Maginito akakana, koma galuyo ndi wolemera modabwitsa, wotuwa, ndipo chikhadabo chikusiya kamzere pamalo obisika, mwina ndi wa mtovu. Ziboliboli za mtovu zinali zotchuka m'minda ya maluwa m'zaka za m'ma 1700, ndipo za John Cheere wa ku London zidakalipo kunyumba yachifumu ya Queluz ku Portugal. Zotero musapale, musapente, ndipo musambe m'manja mukazigwira.

Kamwana koyera kaja kakhoza kukhala chimodzi mwa zinthu zinayi, ndipo kusiyanitsa n'kofunika. Mwala wa mabo, ngati wotchuka uja wa ku Carrara ku Italy, umazizira mukauika patsaya, ndipo pamalo pobenthuka pamanyezimira ngati shuga. Alabasitala imafanana nawo, koma ndi yofewa moti chikhadabo chimaikanda, ndipo mukaunika ndi tochi kumbuyo kuwala kumadutsa kwambiri. Cha pulasitala n'chopepuka, pobenthuka pamakhala poyera ngati choko. Cha resin, chomwe ndi mtundu wa pulasitiki, sichizizira m'manja, ndipo mukachigogoda chimamveka ngati chidebe. Pa zinayizi, alabasitala ndi pulasitala madzi ndi mdani wake, amazisungunula pang'onopang'ono, choncho ngakhale nsalu yonyowa musaziyandikize. Resin imachita chikasu ndi kung'aluka padzuwa. Mabo ndiye amapirira, koma ali ndi chimene amadana nacho: chilichonse chowawasa. Viniga, madzi a mandimu ndi mankhwala otsukira m'bafa amadya mwalawu nthawi yomweyo, kusalala kuja n'kutheratu. Malangizo otsukira m'nyumba amene amatamanda viniga pa chilichonse apha ziboliboli zambiri. Mabo amamwanso mtundu, moti msomali wa dzimbiri kapena masamba owola akakhalitsa pamwamba pake amasiya banga losachoka. Kwa ine, kanthu kakang'ono ka nkhope yosemedwa mosamala malo ake ndi m'nyumba, ngakhale katakhala ka mabo.

Tsopano katoni ija. Tulutsani kamodzikamodzi, mukugwira pathupi, osati pamutu, padzanja kapena pa ambulera, chifukwa pamenepo m'pamene pamakhala pomatidwa kale. Kunsi kwa tambiri mudzapeza chidindo, ndipo zidindozi zimathandiza kudziwa zaka. Dzina la dziko linayamba kulembedwa kwambiri kuchokera mu 1891, pambuyo pa lamulo la ku United States la mu 1890 lofuna kuti katundu wolowa m'dzikomo azionetsa kumene wachokera. Kolembedwa kuti Occupied Japan n'ka zaka zochepa za pambuyo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, kufika mu 1952. Kolembedwa West Germany kapena W. Germany n'ka pakati pa 1949 ndi 1990. Tiana ta masaya ofiira, tokhala ndi chizindikiro cha njuchi kunsi, ndi ta Hummel, timene kampani ya Goebel inayamba kupanga mu 1935 potengera zojambula za sisitere Maria Innocentia Hummel. Atsikana aatali, a mitundu yofatsa yotuwa ndi yabuluu, kawirikawiri amakhala a Lladró, kampani imene anyamata atatu apachibale anayambitsa pafupi ndi Valencia ku Spain mu 1953. Amayi a madiresi otambalala okhala ndi zilembo HN ndi nambala ndi a Royal Doulton, amene anayamba kuwerenga motero mu 1913. Mukaona malupanga awiri abuluu opingasana, musathamangire kusangalala. Ndi chidindo cha Meissen, fakitale ya ku Germany yoyambira mu 1710, koma palibe chidindo china cha porcelain (zoumba za dongo loyera lootcha) chimene anthu achikopera kuposa chimenecho. Chidindo chimakulozerani njira, koma umboni weniweni uli pa zala ndi nkhope: chopangidwa ndi mmisiri chimakhala ndi zala zosiyana bwino ndi maso amoyo, chokopera chimakhala ndi manja ngati mafosholo.

Ndinene poyera kuti tambiri mwa timeneti tinapangidwa tochuluka zedi, ndipo pamsika sitikwera mtengo monga momwe mabanja amayembekezera. Zimenezo zisakufooketseni. Zikungotanthauza kuti muli ndi ufulu wosankha ndi mtima wanu, osati ndi mantha.

Potsuka, musativiike m'beseni. Pafupifupi kalikonse kali ndi kabowo kunsi, kamene kankatulutsa mpweya m'ng'anjo, ndipo madzi akalowa amakhalamo masabata. Guluu wakale wa pamalo omatidwa amasungunukanso m'madzi ofunda, mutu n'kutsalira m'manja mwanu. Bulashi youma imachotsa fumbi lambiri. Potsala, nyowetsani thonje pakamtengo ndi madzi okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, muzigudubuza pang'onopang'ono, osakhula. Mizere ya golide ndi utoto wosanyezimira, umene unapakidwa chinthu chitatuluka kale m'ng'anjo, zimachoka ndi kungopukuta, choncho muzizilambalala. Chikathyoka, sungani tizidutswa tonse m'kapepala, ndipo guluu wouma nthawi yomweyo uja mumupewe, chifukwa sakupatsani mpata wowongola, ndipo kumuchotsa n'kovuta. Okonza zakale amagwiritsa ntchito guluu wotchedwa Paraloid B-72, amene amasungunuka ndi mankhwala amadzimadzi otchedwa acetone, kuti wodzakonza m'tsogolo adzathe kumasula popanda kuswa.

Ngati m'katonimo muli koyera motuwira chikasu, kosalala, kokhala ndi timizere topingasana ngati ukonde pamalo odulidwa, kakhoza kukhala ka mnyanga wa njovu. Malonda a minyanga pakati pa maiko analetsedwa mu 1989 ndi CITES, pangano la maiko loteteza nyama ndi zomera zakutchire, ndipo maiko ambiri ali ndi malamulo awo okhwima. Musakagulitse kapena kuwoloka nako malire musanafunse a boma oona za nyama zakutchire.

Tafika pa funso lanu lenileni, loti pakhomo pasaoneke ngati sitolo. Chimene chimapangitsa shelefu kuoneka ya m'sitolo si kuchuluka kokha. Ndi kundandalika, chilichonse chitaima pamzere umodzi, motalikirana mofanana, chonse chikuyang'ana kutsogolo ngati asilikali. Diso limasowa poyambira, ndiye limangodutsa. Pa 30 aja, tulutsani 8 kapena 10 okha, otsala muwakulunge m'mapepala ofewa, ndipo pakapita miyezi ingapo musinthe. Mudzadabwa kuona kuti kamene kanabisika miyezi itatu kakabwerera, aliyense m'nyumba amakaona ngati kachilendo. Zimene mwatulutsazo ziikeni m'timagulu ta zitatu kapena zisanu, zogwirizana pa chinthu chimodzi, kaya mtundu, kaya wopanga, kaya nkhani: oimba pamodzi, mbalame pamodzi. Pagulu lililonse pakhale chachitali, chapakati ndi chachifupi, ndipo chachifupi mukhoza kuchikweza pa mabuku awiri ogoneka. Mutembenuze nkhope zawo kuti ziziyang'anana pang'ono ngati anthu ocheza. Pakati pa gulu ndi gulu siyani malo opanda kanthu, ndipo mtima ukakuuzani kuti mudzazepo, muukanize. Zoyera zimaoneka bwino kumbuyo kukakhala koderapo, zakuda ngati hatchi ija zimafuna khoma lowala. Kuwala kochokera m'mbali, kwa windo kapena nyale ya patebulo, kumatulutsa mapindo a zovala ndi maonekedwe a nkhope, pomwe babu la padenga limangophwatalitsa zonse. Ngati pakhomo pali ana kapena mphaka, kaphula kapadera komatira zinthu pashelefu kamagwira kachiboliboli popanda kukawononga, ndipo kabati ya galasi imachepetsa fumbi, kutanthauza kuti simuzigwiragwira. Zambiri zimasweka pa tsiku lopukuta fumbi.

Panja lamulo ndi lomwelo, koma lokhwima. Pamalo amodzi oimapo munthu pazioneka chiboliboli chimodzi. Minda yaikulu ya maluwa ya ku Ulaya, monga ya ku Versailles ku France, ili ndi ziboliboli mazana, koma kumenekonso chilichonse chili ndi ntchito: china chili kumapeto kwa njira kuti chikukokeni, china pamphambano, china pa dziwe. Pabwalo laling'ono, chiboliboli chopanda ntchito chimaoneka ngati katundu woyembekezera galimoto. Ndiye musanamusunthe mtsikana uja, tengani ndowa muivundikire pampando kuti iimire chibolibolicho, muiike pamene mukuganizapo, kenako mukaime pa windo limene mumayang'anirapo kawirikawiri, mukakhale pampando wa pakhonde, mulowenso pageti ngati mlendo. Iyang'aneni m'mawa, muionenso madzulo. Kusuntha ndowa n'kosavuta. Simenti imalemera makilogalamu pafupifupi 2,400 pa kiyubiki mita, ndipo chiboliboli chofika m'chiuno chikhoza kumuthyola msana munthu wamkulu. Mutu umodzi susenza denga: pezani anthu awiri kapena atatu, munyamulire patsinde, osati pakhosi kapena pamtsuko, ndipo musachikoke pansi.

Pakati pa kapinga, pamene anthu ambiri amathamangira kuika chiboliboli, ndi malo ovuta kwambiri. Chimaoneka chaching'ono, chosungulumwa, ndipo makina otchetchera udzu amachibenthula m'mapazi. Mupatseni mtsikanayo chotsamira kumbuyo: mpanda wa zitsamba zobiriwira moderapo, khoma lokhala ndi zoyanga, kapena ngodya ya munda. Simenti yotuwa pa masamba akuda imawala yokha popanda penti. Popeza wanyamula mtsuko, nkhani yake ndi ya madzi, choncho pafupi ndi kadziwe, pothera pa kanjira, kapena pakati pa zomera za masamba aataliatali adzaoneka ngati wafika kwawo. Lolani masamba amubise pang'ono m'miyendo. Chimene munthu amachitulukira atakhota pangodya chimamugwira mtima kuposa chimene wachiona ali pamsewu. Sir Charles Isham, amene mu 1847 anabweretsa ku England tianthu 21 ta dongo lootcha tochokera ku Germany, tija ta zisoti zosongoka, sanatindandalike pa kapinga kunyumba kwake ku Lamport Hall. Anatiika m'mapanga a miyala imene anaunjika, tina tili ndi mafosholo ngati tikukumba mgodi. Kamodzi mwa ito kadakalipo mpaka lero. Ngakhale tinthu toseketsa ngati timeneto tinkaoneka bwino chifukwa tinali ndi chochita pamalo pamene tinaikidwa.

Musamuimike padothi penipeni. Nthaka imatumiza chinyezi ndi mchere m'mwamba kudzera m'mapazi, ndipo mvula ikafewetsa pansi amapendekeka. Kumbani pang'ono, thirani miyala ing'onoing'ono, sinjani, ikani mwala waphanthi kapena silabu yoyezedwa bwino kuti isapendame. Kumukweza masentimita 20 kapena 30 kumamutetezanso ku matope othovoka, komanso kumabweretsa nkhope yake pafupi ndi diso la munthu. Musamumatirire ndi simenti yolimba, chifukwa tsiku lodzamusuntha chimene chidzathyoke ndi chiboliboli, osati simentiyo. Ngati pamasewera ana, mmisiri aikepo kandodo ka chitsulo chosachita dzimbiri kolowa m'tsinde ndi m'silabu, poti chiboliboli chogwera mwana si nkhani yaing'ono. Pewani pansi pa mtengo wodontha utomoni kapena wogona mbalame, pansi pa msonga wa denga pamene madzi amagwera malo amodzi, ndiponso pamene paipi yothirira maluwa imawaza tsiku ndi tsiku. Ngati mtsukowo uli ndi chibowo chosunga madzi, muziukhuthula kapena muudzaze timiyala, kuti usasanduke moswera udzudzu. Kumene kumagwa chisanu choundanitsa madzi, nyengo yozizira mumufunditse nsalu yodutsa mpweya, osati pepala la pulasitiki, limene limasunga thukuta m'kati.

Agalu ndiwo osavuta. Anapangidwa kuti akhale awiri, alonda a pakhomo, choncho musawalekanitse. Aikeni mbali ziwiri za masitepe kapena za khomo la pakhonde, pamene denga likuwatchinga ku mvula yambiri. Yang'anani mitu yawo: nthawi zambiri wina anapotokera kumanja, wina kumanzere, ndipo amayenera kuyang'ana cha m'kati, kwa munthu amene akulowa. Pansi pawo ikani timapira topyapyala kuti madzi asakhazikike komanso dzimbiri lisadetse simenti ya pakhonde.

Chinthu china chimene ndimapempha aliyense wolandira zinthu za malemu n'chakuti afunse achibale akuluakulu nthawi idakalipo. Kaja ka mtsikana wa ambulera anakapeza kuti? Hatchi inali mphatso ya ndani? Lembani mayankho m'kabuku, pamodzi ndi chithunzi cha chinthucho ndi cha chidindo chake, osati kumata mapepala a guluu pa chinthu chenichenicho. Zikadzabedwa, zithunzizo n'zimene apolisi ndi a inshuwalansi adzafune. Ndipo ngati pali chimene wina akunena kuti chinachokera m'kachisi, pamanda kapena pamalo ofukula zakale, chimenecho chiikeni padera mufufuze bwino, chifukwa kuyambira pa pangano la UNESCO la mu 1970 maiko ambiri amalondola zinthu zotere.

Hatchi ija, popeza mumafuna kuiona pamodzi ndi maluwa, iikeni patebulo la pafupi ndi windo loyang'ana kumunda, chammbali pang'ono kuti dzuwa la masana lisaiwombe mwachindunji. Mukakhala pampando, maluwa adzakhala kumbuyo kwake monga mmene munaganizira, koma mvula ili kunja kwa galasi.